Kompyuta ikajambula timilu ta maatomu, musafulumire kuwomba m'manja

Tengani maatomu 38, agolide 19 ndi apaladiyamu 19, muwaunjike pamodzi. Kamulu kamene katulukepo m'lifupi mwake ndi pafupifupi nanomita imodzi, ndipo kuti mupeze nanomita muyenera kudula mita m'tizidutswa 1 biliyoni. Tiyerekeze kuti thupi la kamuluko mukulidziwa kale: maatomu 6 ali m'kati, 32 awakuta kunja. Chatsala n'kugawa mipando basi, uwu wa golide, uwo wa paladiyamu. Njira zogawira mipandoyo zilipo 35,345,263,800. Mutati muziyesa imodzi pa sekondi iliyonse, osagona, osapuma, mungathe zaka zoposa 1,100. Inde zambiri mwa njirazi n'zofanana, mwangokatembenuza kamuluko, koma ngakhale muchotse zobwerezazo zitsalabe zoposa 700 miliyoni. Apatu tikunena thupi limodzi lokha, msakanizo umodzi wokha. Julius Jellinek wa ku Argonne National Laboratory ku America ndiye anapereka dzina kwa apachibale ofanana thupi koma osiyana mipandowa, anawatcha ma homotop.

Ndayamba ndi masamu dala, kuti wina asandinamizire kuti ndimadana ndi makompyuta. Palibe labotale padziko pano imene ingapange timilu tonseti kamodzikamodzi n'kutiyesa. Wofuna kumvetsa timilu ta zitsulo ziwiri zosakaniza, timene pa Chingerezi amati bimetallic nanoclusters, kompyuta sangaithawe, afune asafune. Dandaulo langa lili pa funso limene kompyutayo imafunsidwa kawirikawiri. Amaifunsa kuti, pa mawonekedwe onse otheka, okhazikika koposa ndi ati? Ikayankha, yankholo amalijambula ndi timipira tonyezimira, tachikasu ndi totuwa, chithunzi n'kukhala pachikuto cha magazini ya sayansi, owerenga n'kumapita akuganiza kuti kamuluko akaona ndi maso. Chimene aona ndi kamulu kokhala kokhakokha, mopanda mpweya, kosatsamira pa kanthu, kozizira kufika pa -273°C. Kamulu kamene kali pantchito sikakhala m'dziko lotero, ndipo nthawi zambiri sikakhala n'komwe ndi nkhope imodzi.

Ntchito yaikulu ya timiluti ndi kukhala katalisiti, kutanthauza chinthu chofulumizitsa makemikolo kusanduka ena, icho osatha nawo. John Sinfelt, katswiri wa kampani ya Exxon, ndiye anatchukitsa nkhaniyi m'zaka za m'ma 1970. Iye anaonetsa kuti ruthenium ndi mkuwa, zitsulo zimene zimakana kusakanikirana zikakhala zikuluzikulu, zimakhalira limodzi bwinobwino zikakhala timilu, ndipo katalisiti yake ya pulatinamu ndi iridium inathandiza poyenga petulo wamphamvu wosafuna kuthiramo mtovu. M'paipi ya utsi wa galimoto muli pulatinamu, paladiyamu ndi rodiyamu zoyeretsa utsiwo. Toyota Mirai, galimoto yoyendera haidrojeni imene inatuluka mu 2014, imadalira pulatinamu yosakaniza ndi kobati. Pulatinamu yokumbidwa padziko lonse pachaka siifika matani 200, yambiri imachokera ku South Africa, ndipo atomu yake imene yakwiririka m'kati mwa kamulu imangokhala phee, ntchito imagwiridwa ndi za pakhungu. Choncho maloto a aliyense ndi akuti chitsulo chotchipa chikhale mtima, chodula chikhale khungu. Mu 2007 Vojislav Stamenkovic, Nenad Markovic ndi anzawo anaonetsa kuti nikeli yobisala pansi pa khungu la pulatinamu siimangopulumutsa ndalama, imasinthanso khalidwe la khungulo: linagwira ntchito ndi okosijeni kuwirikiza ka 10 kuposa pulatinamu yokhayokha yosalazidwa mofanana.

Zinthu zikachepa chonchi zimasiya ulemu wake wakale. Pa kamulu ka maatomu 13, maatomu 12 ali kunja. Pa ka 55 ali kunja ndi 42, pa ka 147 ndi 92. Manambala awa si ongotola, amachokera m'mapangidwe a mbali 20 amene Alan Mackay anafotokoza mu 1962. Golide, chitsulo chodziwika ndi ulesi wake wosafuna kugwirana ndi kanthu, anamuulula Masatake Haruta wa ku Japan mu 1987 kuti akakhala tizidutswa ta mananomita ochepa amawotcha mpweya wa carbon monoxide ngakhale pa kuzizira kwa -70°C. Zimene mukudziwa za mphete yagolide sizikuthandizani pano.

Nanga kompyuta imafufuza bwanji? Akatswiri amayerekeza nkhaniyi ndi dziko la mapiri ndi zigwa losaoneka mapeto. Malo aliwonse m'dzikomo ndi kakhalidwe kena ka maatomu, ndipo kuya kwa chigwa ndiko kukhazikika kwake. Njira imodzi yotchuka ndi basin-hopping, imene David Wales ndi Jonathan Doye anafalitsa mu 1997. Kompyuta imagwedeza maatomu, n'kuwasiya atsetserekere m'chigwa chapafupi, n'kuyeza kuya kwake. Chikakhala chakuya kuposa chakale imakhazikika pomwepo, koma nthawi zina imavomera dala chosazama, kuopa kukakamira m'dzenje limodzi. Ndiye n'kugwedezanso, kambirimbiri. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Njira ina, ya David Deaven ndi Kai-Ming Ho ya mu 1995, imatsanzira kuberekana: imadula timilu tiwiri tabwino pakati, n'kulumikiza theka la aka ndi theka la ako, ana abwino n'kuwasunga, ofooka n'kuwataya. Gulu la Roy Johnston ku Birmingham linaigwiritsa ntchito kwambiri pa timilu ta zitsulo ziwiri.

Koma kuya kwa chigwa amayeza ndi chiyani? Apa ndi pamene pagona nkhani. Muyezo wodalirika ndi DFT, masamu owerengera khalidwe la maelekitironi amene maziko ake anayalidwa ndi Pierre Hohenberg, Walter Kohn ndi Lu Jeu Sham mu 1964 ndi 1965, Kohn n'kudzalandira nawo mphoto ya Nobel mu 1998. Vuto lake ndi kulemera: mukawirikiza maatomu kawiri, ntchito imakula pafupifupi ka 8. Ndiye pali miyezo yachidule, monga ya Raju Gupta ya mu 1981, imene maelekitironi siiwawerenga payekhapayekha, imangoyerekeza mmene maatomu amakokerana ndi kukankhirana. Chizolowezi chakhala chakuti asefe mamiliyoni ndi muyezo wachidule, ochepa opambana awatumize ku DFT kuti ikagamule.

Ndisabise, njirayi yabala zipatso. Mu 2004 Giulia Rossi, Riccardo Ferrando ndi anzawo ku Genoa anapeza kuti maatomu 7 amkuwa okutidwa ndi 27 asiliva amapanga kamulu kokhazikika modabwitsa, ndipo chifukwa chake chimamveka ngakhale kwa wosaphunzira DFT. Atomu yasiliva ndi yaikulu kuposa yamkuwa, m'kati mwa kamulu ndi mothinana, ndiye wamng'ono amalowa m'kati, wamkulu amatsala kunja kumene salipira zambiri pokhala pakhungu. Chitsanzo chimene chimandisangalatsa koposa ndi cha mu 2002. Pekka Pyykkö ndi Nino Runeberg a ku Helsinki anawerengera kuti atomu imodzi ya tungsten itazingidwa ndi 12 zagolide ipanga kamulu kolimba, chifukwa maelekitironi 6 a tungsten ndi 12 agolide amakwana 18, nambala yodzaza bwino. Chinthucho panalibe anali atachionapo. Chaka chomwecho gulu la Lai-Sheng Wang ku America linachipanga, n'kuchiyeza, n'kupeza zogwirizana ndi ulosiwo. Taonani ndondomeko yake: ananena kaye, poyera, mwa njira yoti akanatha kuchita manyazi, kenako labotale n'kuyankha. Sayansi ya pakompyuta ikamayenda chonchi ine ndilibe nayo mlandu.

Mlandu umayamba ndi sefa uja. Sefa akataya chinthu, woweruza wa pamapeto sachiona. Mu 2003 gulu lomwelo la Wang linapeza kuti maatomu 20 agolide amapanga piramidi ya mbali 4, atomu iliyonse ili pakhungu, ndipo kafukufuku wina anaonetsa kuti timilu tagolide tokhala ndi elekitironi yowonjezera timakhala tafulati ngati pepala mpaka maatomu pafupifupi 12. Muyezo wachidule umakonda timilu tozungulira, tothinana, ndipo zoterezi suziika patsogolo. Chifukwa chake n'chozama: maelekitironi apafupi ndi phata la atomu yagolide amathamanga kuposa theka la liwiro la kuwala, moti malamulo a Einstein amalowererapo n'kusintha kagwiridwe ka atomu ndi inzake. Ngati sefa amaphonya pa golide yekha, nanga mutamuthira mnzake?

DFT nayonso si Mulungu. M'kati mwake muli gawo limene palibe amadziwa masamu ake enieni, ndiye amaliyerekeza, ndipo kuyerekezako kuli ndi mitundu yambirimbiri. Wotchuka kwambiri pa zitsulo ndi PBE wa mu 1996. Mu 2001 Peter Feibelman ndi anzake anaika poyera chinthu chochititsa manyazi: mitundu yofala ya DFT imati carbon monoxide ikatera pa pulatinamu yosalala imakhala m'kadzenje pakati pa maatomu atatu, pamene labotale imaonetsa kuti imakhala pamwamba pa atomu imodzi. Imeneyotu ndi molekyu ya maatomu awiri pa chitsulo chimodzi. Tsono lingalirani izi. Pa kutentha kwa m'chipinda, kusiyana kwa 0.06 eV kokha (eV ndi muyezo waung'ono wa mphamvu) pa mpanda umene makemikolo ayenera kudumpha kumasintha liwiro la ntchito ka 10. Kuphonya kwa 0.2 eV, kumene sikudabwitsa aliyense wogwiritsa ntchito DFT pa nkhani zoterezi, ndi kusiyana koposa ka 2,000. Ndiye munthu akandiuza kuti kamulu aka kaposa kanzake ndi 0.05 eV, choncho aka ndiye kenikeni, ine ndimangoti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Komatu ngakhale muyezo utakhala wosaphonya, funso lija likhalabe lopunduka, ndipo umboni wake unaoneka bwino ku Berkeley, ku America, mu 2008. Feng Tao, Miquel Salmeron, Gabor Somorjai ndi anzawo anatenga tizidutswa ta mananomita 15, theka rodiyamu, theka paladiyamu, n'kutitenthetsa kufika pa 300°C kwinaku akuyeza zitsulo zimene zili pakhungu, mpweya uli momwemo. Atalowetsa mpweya wa nitric oxide, khungu linadzaza ndi rodiyamu. Atawonjezera carbon monoxide, paladiyamu inakwera kuchokera m'kati n'kutenga malo ambiri pakhungupo. Atatseka carbon monoxide, rodiyamu inabwereranso. Anabwereza, tizidutswato n'kumangosinthasintha malaya. Chifukwa chake sichovuta: paladiyamu ndi imene imakhala pakhungu motchipa ngati palibe chosokoneza, koma rodiyamu imakonda okosijeni kwambiri, moti mpweya woupereka ukafika imathamangira kunja kukaulandira. Nitric oxide ndi carbon monoxide ndi mipweya yomwe ija ili mu utsi wa galimoto, ndipo kuchuluka kwake kumasintha dalaivala akamaponda ndi kusiya moto. Tsono ndiuzeni, nkhope yeniyeni ya kachidutswa kameneka ndi iti? Kompyuta yofunsidwa za kamulu kopanda mpweya iyankha kuti paladiyamu kunja, ndipo sikunama. Kungoti yayankha funso limene galimoto sifunsa. M'kafukufuku yemweyo tizidutswa ta pulatinamu ndi paladiyamu sitinasinthe motero, kusonyeza kuti ngakhale kusinthasinthako si lamulo loti mungolipachika paliponse.

Pa timilu tating'onoting'ono kwambiri, ta maatomu osakwana 20, zinthu zimasokonekera koposa. Anastassia Alexandrova wa ku yunivesite ya UCLA ku America wakhala akuonetsa kuti pa kutentha kumene katalisiti amagwirira ntchito, kumene pa makemikolo ena kumapitirira 500°C, kamulu kamayendayenda m'zigwa zambiri zoyandikana kuya, ndipo mawonekedwe amene kamakhalamo kanthawi kochepa akhoza kukhala amene akugwira ntchito yambiri. Zimamvekatu. Chokhazikika kwambiri n'chokhuta, sichifuna kugwira kanthu. Chanjala ndi chija chosakhazikika. Amene wathera miyezi kusaka chigwa chakuya koposa akhoza kukhala kuti wapeza mlonda wogona, ogwira ntchito ali kuseri.

Onjezerani kuti kamulu kam'labotale kali ndi mbiri yake. Mukayamba ndi mtima wa chitsulo china n'kukuta ndi china, maatomu akhoza kukhala pomwepo nthawi yaitali ngakhale masamu akuti mipando yawo si imeneyo, chifukwa alibe kutentha kokwanira kuti asamuke. M'galimoto ya haidrojeni katalisiti amakhala mu asidi, kobati kapena nikeli wapafupi ndi khungu amasungunuka pang'onopang'ono, timilu tina timaphatikana, moti chimene chilimo patatha chaka si chimene chinaikidwamo.

Masiku ano anthu akuti zonsezi zitha ndi nzeru zopangira za makompyuta. Pali choonadi pamenepo. Kuyambira pa ntchito ya Jörg Behler ndi Michele Parrinello mu 2007, akatswiri amaphunzitsa pulogalamu kutsanzira mayankho a DFT, ikaphunzira n'kumayankha mofulumira kwambiri, moti tsopano n'zotheka kutsatira kamulu kotentha, kozingidwa ndi mpweya, kwa nthawi yotalikirapo. Izi ndi zimene ndikupempha, ndipo ndikuzilandira ndi manja awiri. Koma wophunzira amatengera ndi zolakwa za mphunzitsi wake, ndipo akakumana ndi chimene sanachionepo sanena kuti sindidziwa, amangoyankha molimba mtima. Ndiponso liwiro limabweretsa chiyeso cha kudzitama ndi manambala. Mu November 2023 Google DeepMind inalengeza kuti pulogalamu yake ya GNoME yapeza makristalo atsopano 2.2 miliyoni, okwana 380,000 mwa iwo okhazikika. Chaka chotsatira Anthony Cheetham ndi Ram Seshadri a ku Santa Barbara, anthu amene moyo wawo wonse akhala akupanga zinthu zoterezi ndi manja, anaunika gawo la mndandandawo n'kunena kuti umboni wa zinthu zimene zili zatsopano, zokhulupirika komanso zothandiza nthawi imodzi ndi wochepa zedi. Amenewo ndi makristalo, si timilu, koma matendawo ndi opatsirana.

Ndikudziwa chimene anzanga owerengera angayankhe, ndipo n'chanzeru. Adzati sayansi imayamba ndi chophweka. Sungamvetse kamulu kotentha ka mu mpweya usanamvetse kozizira kopanda kanthu, ndipo malamulo ngati aja akuti wamng'ono m'kati, wamkulu kunja, anatuluka m'masamu ophwekawo. Adzawonjezera kuti labotale nayo siona ndi maso oyera. Maikulosikopu ya maelekitironi imatenthetsa ndi kugwedeza kamulu kamene ikukayang'ana, ndipo piramidi yagolide ija inadziwika poyerekeza zoyezedwa ndi zowerengeredwa. Popanda kompyuta, zoyezedwazo zikanangokhala mizere yokwera ndi kutsika papepala. Zonsezi ndikuvomera. Adzatchulanso Jeffrey Greeley, Jens Nørskov ndi anzawo amene mu 2006 anasefa misakanizo yoposa 700 pakompyuta kufuna katalisiti wotulutsa haidrojeni, n'kusankha pulatinamu ndi bismuth, n'kuipanga, n'kuiyesa. Koma taonani zimene anachitazo: kompyuta inaloza, manja anakatsimikiza. Chophweka ndi poyambira pabwino. Chimene ndikukana ndi kuchisandutsa pothera, n'kulemba pamapeto a pepala la kafukufuku kuti kamuluka n'kolonjeza pa ntchito ya katalisiti pamene sikanakumanepo ndi molekyu yachiwiri ngakhale m'kompyuta momwemo.

Wolemba pepala lotere anene kuti mawonekedwe ena oyandikana kuya ndi angati, ndipo ngati kusiyana kwawo n'kochepa kuposa kuphonya kwa muyezo wake, avomere kuti wopambana sakudziwika. Ayesenso ndi mtundu wina wa DFT aone ngati mfumu yake ikhalabe pampando. Maulosi amene labotale inawakana nawonso asindikizidwe, chifukwa pakadali pano timamva za mivi yolasa yokha, yophonya imakwiriridwa kuthengo, ndiye sitingadziwe kuti mlenje ndi wotani.

Mankhwala amphamvu koposa alipo kale m'nthambi zina za sayansi. Ofufuza mapuloteni akhala ndi mpikisano wa CASP kuyambira 1994, zaka ziwiri zilizonse. Labotale imapeza mawonekedwe a puloteni n'kuwabisa, owerengera n'kutumiza maulosi awo asanaone yankho, kenako chinsinsi n'kuululidwa pamaso pa onse. Pamene pulogalamu ya kompyuta ya AlphaFold inapambana mu 2020, dziko linakhulupirira chifukwa mayesowo anali oti munthu sangabere. Cambridge Crystallographic Data Centre yakhala ikuchititsa mayeso ofanana pa makristalo a mamolekyu kuyambira 1999. Pa timilu ta zitsulo ziwiri, chovuta n'kupeza yankho lobisikalo, popeza timilu tambiri sitifanana kamodzi ndi kanzake. Komabe khomo lilipo. Kuyambira 2007, pamene gulu la Roger Kornberg ku Stanford linapeza malo a atomu iliyonse m'kamulu ka golide 102 kovala mamolekyu 44 okhala ndi sulufule, pali banja la timilu timene timapangidwa tofanana ndendende n'kuyezedwa ndi X-ray. Kotchuka ndi ka golide 25: atomu imodzi pakatikati, 12 zoizinga, 12 zina m'tizingwe ta kunja. Mukasinthamo atomu imodzi ndi paladiyamu kapena pulatinamu, mlendoyo amakakhala pakatikati penipeni. Mukathira siliva, amasankha mipando 12 yozinga ija. Gulu lililonse limene lapanga kamulu katsopano ka mtundu umenewu likhoza kusunga zoyeza zake miyezi ingapo, n'kungolengeza kuti muli maatomu akutiakuti, owerengera atchule mipando. Pa timilu ta katalisiti funso likhoza kukhala la mtundu wa ku Berkeley: pa kutentha uku, mu mpweya uwu, chitsulo chiti chikhala pakhungu, ndipo chochuluka bwanji, tikatseka mpweyawo n'kutsegula winawo?